Msewu wa Eni Sayendera Chizolowezi

Madzulo a tsiku la 27 Ogasiti, 2019, mayi wina wa ku America adatuluka ndi galimoto pachipata cha malo a asilikali otchedwa RAF Croughton, m'dera la Northamptonshire ku England. Mayiyo adali atangotha pafupifupi masabata atatu m'dzikomo. Atalowa mumsewu waukulu adatsata mbali ya dzanja lamanja monga achitira kwawo, pamene ku England galimoto zimayenda mbali ya kumanzere. Adayenda chomwecho mamita oposa 300. Kutsogolo kwake kunkabwera mnyamata wa zaka 19, dzina lake Harry Dunn, ali pa njinga yamoto, ndipo iye adali kumbali yake yoyenera. Galimoto ndi njinga zidawombana, ndipo mnyamatayo adatsirizika kuchipatala usiku womwewo.

Pasanathe masabata atatu mayi uja adakwera ndege kubwerera kwawo, boma la dziko lake litanena kuti iye adali ndi chitetezo chimene ogwira ntchito za ukazembe ndi mabanja awo amakhala nacho kuti asazengedwe mlandu m'dziko la eni. Pajatu khoswe akakhala pamkhate sapheka. Makolo a Harry adalimbana ndi nkhaniyi zaka zitatu zathunthu. Mu Okutobala 2022 mayiyo adavomera mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala, ndipo adavomera ali kwawo, akuyankhula ndi bwalo la milandu la ku London kudzera pa kanema. Mu Disembala chaka chomwecho adagamulidwa kukhala m'ndende miyezi 8, koma chilangocho chidaimikidwa, kotero kuti sadalowe m'ndende ngakhale tsiku limodzi.

Alipo anthu amene akamva nkhani yotere amangopukusa mutu n'kunena kuti lidali tsoka, kapena kuti mlendo salakwa chifukwa sadziwa. Maganizo amenewa ngolakwika, ndipo ndi amene akupitiriza kudzaza manda. Munthu amene wakakhala m'dziko la eni, n'kugwira chiwongolero asanaphunzire msewu wa eniwo, wachita kusankha yekha kuika miyoyo ya anthu pachiswe. Kusadziwa kwake ndiwo mlandu wake woyamba, popeza palibe adamletsa kufunsa. Ngakhale akhale ndi chiphaso chakalekale, mlendo ayenera kubwerera pa mpando wa wophunzira, ndipo achite zimenezi asanayatse injini.

Nkhaniyi ikukhudza Amalawi kwambiri masiku ano kuposa kale. Azibambo amene ankapita ku migodi ya ku Joni ndi ku Harare pa nthawi ya Wenela ankayenda pa sitima, pa ndege, pa basi kapena wapansi, ndipo owerengeka okha ndiwo ankayendetsa galimoto. Lero mwana wa ku Mzimba akuyendetsa lole pakati pa Durban ndi Johannesburg. Wa ku Mangochi akuperekera zakudya m'makomo a anthu pa njinga yamoto mu mzinda wa Cape Town. Namwino wa ku Zomba akuyenda pa galimoto khomo ndi khomo kusamalira okalamba ku Manchester, ndipo ena ali pa sukulu ku America, ku China ndi ku Germany. Ambiri mwa ophunzira amene ali m'kalasi lero adzawatsatira. Aliyense wa iwo amanyamuka ndi katundu amene salembedwa pa chiphaso choyendera, ndiye zizolowezi za pa misewu ya kwawo.

Chizolowezi choyamba ndi cha mbali ya msewu. Malawi, Zambia, Zimbabwe, Mozambique, South Africa, Tanzania ndi Kenya amayendetsa galimoto kumanzere, monganso Britain, Ireland, India, Japan ndi Australia. Koma mayiko ambiri pa dziko lapansi amayendetsa kumanja. Ena mwa iwo ndi America, Canada, China, France, Germany, Israel ndi mayiko a Aluya. Ngakhale mu Africa momwemuno, munthu akangowoloka malire kuchoka ku Zambia kulowa ku Congo kapena ku Angola, ayenera kusintha mbali pomwepo. Rwanda, Burundi ndi Ethiopia nawonso ngakumanja, ndipo Nigeria adasamukira kumanja mu 1972, Ghana mu 1974. Kusintha mbali kumasinthanso zina zambiri. Pa mphambano yozungulira, wa ku Malawi adazolowera kukhotera kumanzere n'kudikira galimoto zochokera kudzanja lamanja. Ku mayiko a kumanja amakhotera kumanja n'kudikira zochokera kumanzere. Amene walakwitsa apa amapezeka akuyang'anizana ndi galimoto zonse za pamphambanopo.

Wina anganene kuti zimenezi n'zapafupi, mwana wamng'ono angazimve. Kuzimva n'kwapafupidi, koma vuto lili pa kuti munthu wozolowera sayendetsa galimoto ndi maganizo. Manja, mapazi ndi khosi zimachita zokha zimene zidaphunzira kale, monga mmene mayi wosinja sawerengera kuti munsi autula kangati. Pamene msewu uli wodzaza, mlendo amatsata galimoto ya patsogolo pake ndipo salakwa. Ngozi imam'dikira pa msewu wopanda kanthu, mbandakucha kapena usiku, potuluka pamalo omwetsera mafuta kapena pachipata cha nyumba, pamene palibe womusonyeza njira ndipo maganizo ali kwina. Pamenepo thupi limabwerera kwawo mwini wake osazindikira. Ngakhale woyenda pansi sapulumuka. Mu Disembala 1931, Winston Churchill, amene pambuyo pake adadzakhala nduna yaikulu ya dziko la Britain, adagundidwa ndi galimoto pa msewu wa Fifth Avenue ku New York chifukwa adayang'ana mbali imene galimoto zimachokera kwawo. Adagonekedwa m'chipatala, ndipo adavomera yekha kuti wolakwa adali iye. N'chifukwa chake m'malo ambiri owolokera mu mzinda wa London adalemba pa phula penipeni mawu ouza munthu mbali yoti ayang'ane.

Dziko la Sweden lidapereka phunziro loposa apa. Lamulungu pa 3 Sepitembala, 1967, dziko lonselo lidasintha kuchoka kumanzere kupita kumanja. Nthawi itatsala pang'ono kukwana 5 koloko m'mawa galimoto zonse zimene zidali pamsewu zidaima, zidasamukira mbali inayo mwapang'onopang'ono, n'kudikira ola kuti likwane. Tsiku limenelo dalaivala aliyense wa ku Sweden adasanduka mlendo m'dziko lake lomwe. Anthu ambiri ankaopa kuti kuphedwa anthu osawerengeka, koma ngozi zidachepa m'malo mochuluka, chifukwa aliyense ankayendetsa mwamantha, maso ali tcheru, liwiro lili lochepa. Patapita zaka ziwiri, anthu atazolowera, ngozi zidabwerera pamene zidali kale. Apa pakuoneka poyera kuti msewu wachilendo pawokha supha munthu. Amene amapha ndi dalaivala amene waleka kuuopa asanaudziwe.

Motero mawu onyada amene amamveka kawirikawiri akuti munthu wayendetsa galimoto zaka 20 popanda ngozi, ndiye sangaphunzitsidwenso ndi mwana, ngopanda pake. Zaka 20 zimenezo n'zimene zazika mizu ya chizolowezi mozama. Wophunzira watsopano amayang'ana chikwangwani chilichonse chifukwa sadzikhulupirira, koma katswiri sayang'ana chifukwa amati adziwa kale. Chimene adziwa ndi msewu wa Lilongwe kupita ku Kasungu. Sadayendepo pa msewu wa mizere isanu mbali imodzi, pamene munthu akaphonya pokhotera ayenera kupitirira makilomita angapo m'malo mobwerera chambuyo. Nzeru zayekha adaviika nsima m'madzi, ndipo pamsewu amene amalipira kuuma mutu koteroko nthawi zambiri ndi munthu wina wosalakwa.

Ndiponso kusiyana kwa misewu sikuthera pa mbali yokha. Ku South Africa kuli mphambano zambiri zimene misewu yonse inayi ili ndi chikwangwani choimitsa, ndipo amene wayamba kufika ndiye amayamba kudutsa. Maloboti akazima chifukwa cha kuthima kwa magetsi, lamulo ndi lomwelo. Ku France, ku Belgium ndi ku Germany, pa mphambano yopanda chikwangwani, galimoto yochokera kudzanja lamanja ndiyo imayamba, ngakhale ikuchokera m'kamsewu kooneka konyozeka. Ku America basi ya ana a sukulu ikaima n'kuyatsa nyali zofiira, galimoto zonse za pambuyo pake zimaima, ndipo pa msewu wosagawidwa pakati zochokera kutsogolo nazonso zimaima. M'madera ambiri a dziko lomwelo munthu amaloledwa kukhotera kumanja loboti ili yofiira ngati wayamba waima, koma mu mzinda wa New York zimenezi n'zoletsedwa pokhapokha chikwangwani chitaloleza. Ku Britain woyenda pansi akaponda pa mizere yowolokera, galimoto iyenera kuima, ndipo kuliza hutala m'tauni pakati pa 11.30 usiku ndi 7 koloko m'mawa n'koletsedwa. Ngakhale chiyankhulo cha nyali chimasiyana. Pa misewu ya kuno dalaivala akaphethiritsa nyali, mnzake amamva kuti kutsogolo kuli apolisi kapena chovuta china. Ku Britain ambiri amamva kuti wapatsidwa mpata wodutsa. Madalaivala awiri osamvana chiyankhulo chotere amakumana pakati pa mphambano.

Palinso nkhani ya liwiro. Zikwangwani za ku Britain ndi ku America zimawerengera mamailosi, ndipo mailosi imodzi ndi makilomita 1.6. Chikwangwani cholembedwa 30 chimatanthauza makilomita 48 pa ola, ndipo cha 70 chimatanthauza pafupifupi makilomita 113. Buku la malamulo a pamsewu la ku Britain, lotchedwa Highway Code, limasonyeza kuti galimoto yoyenda mamailosi 30 pa ola imafuna mamita 23 kuti iime, pamene yoyenda mamailosi 60 imafuna mamita 73. Liwiro langowirikiza kawiri, koma mtunda woimira wawirikiza koposa katatu. Mvula ikagwa mtundawo umawirikiza kawiri, ndipo pa msewu woundana ndi chisanu ungathe kuwirikiza kakhumi. Mmalawi amadziwa matope, fumbi ndi maenje, koma madzi oundana osaoneka ndi maso, amene amayala pa phula m'mawa wa mwezi wa Januwale ku Canada kapena ku Scotland, sadawaonepo. Akaponda mabuleki mwamphamvu monga adazolowera, galimoto imangotsetsereka ngati bwato losowa nkhafi.

Zonsezi n'zinthu zimene mlendo sadziwa. Zoipa koposa n'zimene amadziwa bwino lomwe kuti n'zolakwika, koma adazizolowera kwawo chifukwa sankalangidwa. Alipo amene amamanga lamba pokhapokha akaona yunifomu patsogolo. Alipo amene amayankha foni akuyendetsa, osaganiza kuti galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mamita 28 pa sekondi imodzi, kotero kuti kuyang'ana pa foni masekondi awiri n'chimodzimodzi kuyenda theka la bwalo la mpira maso ali otseka. Alipo amene amati botolo limodzi kapena awiri amawongola dzanja, pamene ku Scotland ndi ku South Africa muyeso wa mowa wololedwa m'magazi ngwotsika kuposa wa ku England, ndipo ku Sweden ngwotsikirapo kotero kuti botolo limodzi lingathe kumangitsa munthu. Alipo amene amapakira anthu asanu ndi awiri m'galimoto ya anthu asanu, ana ali pamiyendo. Ndipo alipo amene adakula akukhulupirira kuti mlandu uliwonse wa pamsewu umatha ndi kandalama kopindidwa mkati mwa chiphaso. Kumene akupitako adzakumana ndi makamera oikidwa pamitengo, amene salandira moni kapena ya fanta, ndipo kalata ya chindapusa idzawapeza pakhomo.

Nkhani ya chiphaso nayonso yagwetsa ambiri m'mbuna. Ku Britain, munthu amene wasamukirako amaloledwa kuyendetsa galimoto ndi chiphaso cha kwawo kwa miyezi 12 yokha. Wa chiphaso cha ku Zimbabwe kapena ku South Africa angathe kuchisinthitsa ndi cha kumeneko, koma chiphaso cha ku Malawi sichili m'gulu limenelo, kotero kuti mwini wake ayenera kulemba mayeso ndi kuyesedwa pamsewu mwatsopano. Amene apitiriza kuyendetsa miyezi 12 itatha ali ngati munthu wopanda chiphaso, ndipo inshuwalansi yake ingathe kumukana pa tsiku la ngozi. Wogwidwa wopanda inshuwalansi amalipira mapaundi 300, amalembedwa zilango 6 pa chiphaso chake, ndipo apolisi ali ndi mphamvu yolanda galimotoyo. Wogwidwa ali ndi foni m'manja amalipira mapaundi 200 ndi zilango 6, ndipo zilango zikakwana 12 m'zaka zitatu amaletsedwa kuyendetsa. Malamulo amenewa adalembedwa poyera, ndipo aliyense angathe kuwawerenga pa intaneti kwaulere. Safunsa adadya phula.

Tsono ngozi ikachitika, pamaliro pamamveka mawu akuti nthawi yake idakwana, kapena kuti achibale ansanje adamutumizira zoipa chifukwa ankamanga nyumba yamalata kumudzi. Mawu otere amatonthoza ofedwa, koma amabisa chimene chidapha munthu, ndipo chikabisika chimapha wina. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse, ndi kuti ngozizi ndizo zimapha ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa matenda ena alionse. Oposa theka la omwalirawo ndi oyenda pansi ndi okwera njinga. Lipoti lomwelo lidasonyeza kuti mu Africa mumafa anthu 19 mwa anthu 100,000 alionse, pamene ku Ulaya, kumene kuli galimoto zochuluka kwambiri, kumafa anthu 7. Kodi tsoka limadziwa malire a mayiko? Kodi afiti adakana kukwera ndege yopita ku Ulaya? Kusiyanaku kumachokera ku misewu yokonzedwa bwino, galimoto zoyesedwa, malamulo otsatidwa ndi madalaivala ophunzitsidwa. Zonsezi n'zopangidwa ndi anthu, ndipo anthu angathe kuziphunzira.

Ena amadandaula kuti apolisi a m'mayiko a eni amalondalonda alendo, makamaka akhungu lakuda, ndi kuti malamulo a pamsewu amangokhala chida chozunzira obwera. Dandaulo limeneli lili ndi choonadi chake ndipo siliyenera kunyozedwa. Tsankho lilipo, ndipo Amalawi amene adathawa ziwawa zodana ndi alendo ku South Africa mu 2008 ndi mu 2015 amalidziwa bwino. Koma tsankho la wapolisi silisintha mtunda umene galimoto imafuna kuti iime. Mwana wowoloka msewu safa pang'ono chifukwa choti womugundayo ndi munthu wozunzidwa. Ndipo ngati n'zoona kuti maso a eni dziko ali pa mlendo, chimenecho n'chifukwa chinanso chakuti mlendoyo akhale ndi mapepala okwanira, matayala abwino ndi mpweya wopanda fungo la mowa. Munthu amene akudziwa kuti akusakidwa sapereka yekha chingwe chomumangira. Kuwonjezera apo, mlendo mmodzi akapalamula, eni dziko satchula dzina lake, amatchula mtundu wake, ndipo anzake osalakwa amavutika kupeza ntchito ndi nyumba chifukwa cha iye.

Dandaulo lolemera koposa ndi la umphawi. Maphunziro oyendetsa galimoto kunja ngokwera mtengo, ndipo munthu wongofika kumene amakhala ndi ngongole ya ulendo, lendi, ndi abale kumudzi amene akudikira fizi ndi feteleza. Wosamalira okalamba amatuluka ntchito ya usiku wonse n'kuthamangira ina ya m'mawa, tulo tili m'maso. Wa njinga yamoto amalipidwa potsata kuchuluka kwa maulendo, ndiye amalowa pakati pa galimoto ngati njoka kuti apeze kangachepe. Apa mlandu ngwa anthu awiri. Olemba ntchito amene amapereka makiyi kwa munthu wongotsika ndege, osafunsa ngati adayendapo pa misewu yotere, ndiponso amene amaika nthawi zosatheka kuzikwaniritsa popanda kuthamanga, ali ndi magazi m'manja mwawo ndipo ayenera kudzudzulidwa. Komabe wogwira chiwongolero ndiye adzaime yekha m'bwalo la milandu. Ndalama za maphunziro khumi n'zochepa poziyerekeza ndi mtengo wa bokosi lamaliro lokwera ndege.

Mtengo umenewo Amalawi a ku South Africa amaudziwa. Mmodzi akamwalira pamsewu, anzake amayenda chipinda ndi chipinda kusonkhetsa ndalama zoti thupi lidutse pa Beitbridge, lipyole Zimbabwe mpaka pa Nyamapanda, liwoloke Zambezi pa Tete, n'kulowa m'dziko muno pa Mwanza kapena pa Dedza. Kumudzi nyumba imaima pa mawindo, ana amachotsedwa sukulu, ndipo mayi wokalamba amene ankalandira kandalama mwezi ndi mwezi amabwerera ku ganyu. Amene wapha mnzake koma iye n'kupulumuka sapeza bwino kuposa apa. Ku Britain, kuyambira mu Juni 2022, wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto moopsa angathe kugamulidwa kukhala m'ndende moyo wake wonse, ndipo lamulo la mu 2007 limati mlendo amene wagamulidwa miyezi 12 kapena kuposerapo ayenera kuthamangitsidwa m'dzikomo. Mayi wa ku America uja adali ndi boma lamphamvu kumbuyo kwake. Mmalawi wamba wosamalira okalamba kapena woyendetsa lole alibe mkhate woti akhalepo.

Mawu onsewa akukhudzanso alendo amene akukhala m'dziko la Malawi, kaya ndi a mabungwe othandiza, a zamalonda, a mipingo kapena a ku maofesi a akazembe. Ambiri a iwo amachokera kumene msewu waukulu ngwa galimoto zokha, wotchingidwa ndi mpanda mbali zonse. Msewu wa M1 suli choncho. Pa Lizulu ndi pa Jenda msika uli m'mphepete mwenimweni mwa phula, ndipo ogula ndi ogulitsa amawoloka nthawi iliyonse. Pamsewu womwewo pamayenda ana a sukulu, ngolo za ng'ombe, mbuzi, a kabaza, ndi njinga zosenza matumba a makala zimene usiku zilibe nyali. Masamba aawisi oyalidwa mopingasa msewu amatanthauza kuti pamudzipo pagwa maliro, ndipo woyendetsa galimoto ayenera kuchepetsa liwiro mwaulemu. Nthambi zoikidwa motsatizana m'mbali mwa msewu zimachenjeza kuti kutsogolo kuli galimoto yowonongeka. Mlendo amene amadutsa pamalo otere ndi liwiro la kwawo, atatseka mawindo a chigalimoto chake chachitali, walakwa mofanana ndi Mmalawi amene amayenda mbali yolakwika ku Texas. Nambala ya ukazembe kapena dzina la bungwe lolembedwa pachitseko sizipatsa munthu ufulu woopseza eni msewu, ndipo kupepesa ndi thumba la chimanga pamaliro sikubweza mwana.

Pali gulu lina la alendo limene silidzidziwa kuti ndi alendo, ndilo la matchona obwera kudzadya Khirisimasi. Munthu watha zaka zisanu pa misewu yotakata ya ku Gauteng, kumene amaloledwa kuthamanga makilomita 120 pa ola. Wayendetsa usana ndi usiku kuchokera ku Johannesburg osagona mokwanira, galimoto italemedwa ndi katundu mpaka padenga. Akafika kwawo amafuna kuti mudzi wonse uone nambala ya GP ndi kumva kulira kwa injini. Waiwala kuti pa kona ya pafupi ndi chigayo pamasewera ana, kuti mlatho uja ngwa galimoto imodzi, ndi kuti mvula ya chaka chatha idakumba maenje amene iye sadawaone. Amene wakhalitsa kunja ayenera kuuphunziranso msewu wa kwawo monga adaphunzirira wa eni.

Zoyenera kuchita n'zodziwika ndipo si zovuta. Munthu asananyamuke, kapena akangofika, apeze buku la malamulo a pamsewu la dziko limenelo n'kuliwerenga lonse monga wokonzekera mayeso. Afufuze kuti chiphaso chake chigwira ntchito mpaka liti, ndipo ayambe kukonzekera mayeso nthawi isanathe, pakuti pakadafunda padajiwitsa galu. Masabata oyamba ayende pa basi kapena akhale pambali pa dalaivala wa komweko, akuona mmene anthu amachitira pa mphambano ndi powolokera. Alipire mphunzitsi wovomerezeka maulendo angapo ngakhale lamulo lisamukakamize. Asayendetse tsiku limene watsika ndege, kapena atagwira ntchito usiku wonse. Nthawi iliyonse potuluka pachipata adzikumbutse kuti m'galimoto ya m'dzikomo mpando wa dalaivala uyenera kukhala kufupi ndi mzere wa pakati pa msewu, ndipo akaona kuti ali kufupi ndi ngalande adziwe kuti wasochera. Mabungwe a Amalawi okhala kunja ndi mipingo yawo, amene amagwirizana mwachangu posonkha ndalama za maliro, agwirizanenso pothandiza ongofika kumene kulipira maphunziro ndi mayeso. Ndipo sukulu za m'dziko muno ziphunzitse ana malamulo a pamsewu mozama, chifukwa mwana amene wazolowera kumanga lamba ku Ntcheu sadzavutika kumumanga ku Dublin.

Mwambo wa makolo umati mlendo akafika pamudzi amayamba wakhala pansi, n'kupereka malonje, n'kufunsa kumene kuli chitsime, kumene kuli manda ndi njira imene sayendamo. Sachita zimenezi chifukwa ngwopusa. Amadziwa kuti mudzi uliwonse uli ndi malamulo ake amene adakhazikitsidwa iye asanabwere, ndipo ena adakhazikitsidwa anthu atalira. Malamulo a pamsewu ali chimodzimodzi. Pafupifupi lililonse lidalembedwa munthu wina atafa pamalo pamene lamulolo kudalibe. Wophunzira amene akulota zodzawoloka nyanja asunge mwambo umenewu pamodzi ndi satifiketi yake. Akadzafika kwa eni, n'kupatsidwa makiyi a galimoto, adzakumbukire mnyamata wa zaka 19 amene ankayenda kumbali yake yoyenera madzulo a tsiku la 27 Ogasiti, 2019, ndipo adzayambe wafunsa asanalowe mumsewu.